Mfula Umene Ndinadulitsa

Ine kwathu ndi ku Dedza, kumapiri, kumene madzi ogona mu ndowa amaluma zala m'mawa. Mitengo ya kumeneko ndimaidziwa bwino: msuku, muula, mtowo, mpoza, ndipo ndingakuuzeni mwezi umene zipatso za uliwonse zimapsa. Ndiye atanditumiza kukaphunzitsa pa sukulu ina ya pulayimale cha kwa Maganga ku Salima, ndinapita ndi mtima woti za mitengo palibe angandiuze kanthu. Ndinkaphunzitsa ulimi ndi sayansi, ndipo kunena zoona ndinkadzimva kwambiri.

Nyumba imene anandipatsa inali yakumapeto, pamalire a sukulu ndi mudzi. Kuseri kwake kunali mtengo waukulu umene ndinali ndisanauonepo chibadwire. Thunthu lake linali loti anthu awiri agwirane manja kuti alizungulire, khungwa lotuwa, losendeka m'timagawo tozungulira, mawangamawanga ngati mbale yakale yachitsulo. Nthambi zake zinali zonenepa mpaka kunsonga. Ndinafika mu Seputembala uli wopanda ndi tsamba limodzi lomwe, moti ndinkayesa unauma kalekale. Kutsidya kwa kanjira, mapazi ngati zana kuchokera pakhonde panga, kunali unzake wofanana nawo ndendende, pabwalo la mayi ena ogulitsa usipa wouma.

Amene anandiuza kuti mtengowo ndi mfula anali mtsikana wa pakhomo pomwepo. Anali mtengwa: anakwatiwa ndi mwana wamwamuna wa mayi a usipa aja, n'kuchoka kwawo ku Chinguluwe kudzakhala kuchimuna. Mwamunayo anali msodzi. Mvula ikangotha ankakwera boti kupita ku chilumba cha Mbenji, kumene akazi saponda, ndipo ankabwerako mvula ina itayamba. Choncho miyezi yambiri pakhomopo pankakhala anthu awiri okha, mtengwa ndi apongozi ake, ndipo mwana panalibe. Mtsikanayo anali wamanyazi, woyankhula motsitsa, koma wamanja ofulumira. Tsiku loyamba lomwe anandisenza ndowa pa mjigo, ndipo kuyambira pamenepo ndinkamutcha mng'ono wanga. Iye sanasiye kunditchula kuti amadamu, ngakhale ndinamuletsa kangapo.

Anandiseka nditanena kuti mtengowo ndi wouma. Anati mfula umatero chaka chilichonse, umavula masamba onse m'chilimwe n'kudikira. Umakonda kotentha ndi dothi lamchenga, ndiye n'chifukwa chake kwathu kozizira sindinauone. Bambo ake, iye anatero, ankapachika ming'oma ya njuchi m'mifula ya kumunda kwawo, ndipo iye anakulira pansi pake. Kuno kwa Maganga akuti kale mifula inali mbwee kuchokera kunyanja mpaka kumsewu, koma inatha ndi osema mitondo, osema mabwato, kenako owotcha njerwa. M'dera lonselo inatsala iwiri yokhayo, wa kuseri kwanga ndi wa pabwalo pawo.

Mu Januwale ndinaona chimene ankaukondera. Zipatso za mfula sizidikira kupsa mumtengo. Zimagwa zili zobiriwira, n'kuchita chikasu zili pamchenga patapita masiku angapo, ndipo fungo lake linkandipeza ndili m'kalasi. Ana, mbuzi, amayi ochokera kumunda, aliyense ankadzera pansi pa mfula wa kutsidya uja. Mng'ono wanga uja anandiphunzitsa kadyedwe kake: umaluma khungu pang'ono, kulisenda lonse lituluke ngati kapu, n'kuponya chipatsocho m'kamwa. N'chowawasa, n'chotsekemera, ndipo mnofu wake sufuna kusiyana ndi nthangala, umangoyamwa mpaka nsagwada zitatopa. Nthangalazo ankaziyanika, kuziswa ndi mwala, n'kutokosamo ndi kawaya tinjere tonona koposa mtedza. Miyezi imeneyo mtedza umakhala utatha m'nkhokwe, ndiye tinjere timeneti ndi timene tinkakhala nsinjiro za mu nkhwani pakhomopo ndi m'makomo oyandikana nawo. Apongozi ake ankanyadira mtengo umenewu koposa nyumba.

Wanga uja ndiye ayi. Mu Okutobala, masamba asanaphuke, unkatulutsa timaluwa tofiirira tolendewera m'magulu, ndipo njuchi zinkadzaza mtengo wonse. Kuyambira m'bandakucha kunkamveka kulira ngati chigayo chakutali. Maluwa aja ankayoyoka, ine n'kumasesa, basi nkhani yathera pomwepo. Chipatso ngakhale chimodzi chokha, mpang'ono pomwe. Kwathu mpapaya ukamangochita maluwa osabala timaumangirira chitsononkho, ndipo ukakanabe timadula. Ndinamangirira chitsononkho pa nthambi ya mfula uja, mwachibisira ndithu, poopa kuti ana angaone mphunzitsi wa sayansi akuchita zimenezo. Sizinathandize.

Ine ndili ndi mtima wapachala, zimenezo ngakhale mayi anga ankanena. Okutobala wachiwiri, ndikusamba m'mawa, njuchi inandiluma pachikope. Pofika nthawi yolowa m'kalasi diso linali litatsekeka, tsaya lonse litatupa. Tsiku lomwelo ndi limene alangizi a maphunziro anabwera kudzationa mmene timaphunzitsira. Ndinaima kutsogolo ndi diso limodzi, ana akubisa nkhope m'makope, mapewa akugwedezeka ndi phwete. Poweruka sindinalowe ndi m'nyumba momwe. Ndinalunjika kwa anyamata ena obwera amene ankaumba njerwa kuseri kwa bwalo la mpira, n'kuwauza kuti ngati akufuna nkhuni, mtengo uja augwetse, atenge. A hedi nditawauza anangoti bola usagwere padenga.

Anaudula kumayambiriro kwa Novembala, masiku awiri athunthu, nkhwangwa zitatu. Mkati mwake munali mofiirira, monyowa. Pogwa nthaka inanjenjemera mpaka makapu analira pa shelefu, ndipo ine ndinaomba m'manja, abale inu, ndinaomba m'manja. Thunthu anagubuduza kupita nalo ku uvuni. Nthambi zowongoka, zonenepa ngati mkono, ndinapatula zisanu ndi zitatu n'kuzizika mbali ina ya nyumba kuti zikhale mizati ya bafa latsopano. Chitsa ndinkachiunjikira zinyalala n'kumatentha kuti chisaphukire.

Sabata imeneyo mng'ono wanga anali ku Chinguluwe ku maliro. Atabwera anandipeza ndikumanga udzu pa bafa lija. Anaima pa chitsa nthawi yaitali, ndowa ili m'manja.

"Amadamu, mwaudula?"

"Unkandidyetsa chiyani?" ndinatero, diso likadali lofiira. "Mtengo waulesi ngati umenewu ndiusungirenji?"

Anatembenuka n'kupita ku mjigo. Ine ndinayesa akudandaula mthunzi.

Chaka chimenecho mfula wa pabwalo pawo unabala koopsa, mpaka nthambi ina inathyoka. Ndikunena zimenezi chifukwa ndi zimene zinaphimba aliyense m'maso, ine ndemwe poyamba. Njuchi zinali zitamaliza kale ntchito yawo nkhwangwa zisanafike, koma nthawi imeneyo ndani ankaganizako za njuchi? Tinadya, tinaswa nthangala, moyo n'kumapita.

Mu Julaye kunaomba mwera wamphamvu, uja amaletsa asodzi kulowa m'madzi. Unatenga neti ya udzudzu ya mayi a usipa imene inali pachingwe, n'kukaikola pamwamba pa mfula. Pakhomo panalibe mwamuna. Mng'ono wanga anakwinya chitenje, n'kukwera, n'kuitsitsa. Amayi amene ankadutsa anamuseka kuti mkazi sakwera mtengo wa zipatso, umaleka kubala. Zinali zoseka basi, ndipo apongozi ake nawo anaseka, neti ili m'manja.

Januwale wotsatira pansi pa mtengo paja panali mbee. Masamba anaphuka bwinobwino, mthunzi uli wabwino, koma chipatso palibe. Mbuzi zinkafika, kununkhiza mchenga, n'kubwerera. Apa m'pamene kuseka kuja kunasanduka nkhani. Mayi a usipa anayamba kukumbutsa anthu za tsiku la neti lija, ndipo sanalekere pomwepo. Ankati mtsikanayu wakhala pakhomo pawo zaka zinayi osawapatsa mdzukulu, ndipo tsopano kuuma kwake wakupatsira mtengo umene unkabala iwo asanakwatiwe. Pa mjigo nkhani inali imeneyo. Amayi ena anayamba kumuletsa kudutsa m'minda yawo ya maungu. Wina anamulanda mwana amene anamunyamula pofuna kumutonthoza. Aliyense ankaona kumene zinkapita: apongozi ankafuna kuti mwana wawo amubweze kwawo, ndipo mtengo uja unawapatsa chogwirira.

Ine ndinkatani? Ndinkakalipa. Ndinkalowa mu ofesi ya aphunzitsi n'kumatukwana umbuli wa anthu, kuti zoona m'zaka zino munthu angakhulupirire kuti mwendo wa mkazi ungaumitse mtengo? Ndinkati mwina ndi mvula yochepa, mwina ndi tizilombo, mwina mtengo wakalamba. Mng'ono wanga akabwera kudzakhala pakhonde panga, maso ali pansi, ndinkamuuza kuti alimbe mtima, chaka chamawa udzabala ndipo onsewo adzachita manyazi. Iye ankangondiyang'ana, kenako n'kuyang'ana kuseri kwa nyumba. Mayo ine, ndikakumbukira mayang'anidwe amenewo ndimafuna kudzimenya khofi.

Chaka chamawacho chinafika, ndipo pansi pa mtengo panali mbee kachiwiri. Mwamuna wake anali atabwera kuchokera ku Mbenji. Sanali munthu woipa, koma anali mwana womvera mayi, ndipo ankangokhala kugombe n'kumasoka maukonde kuti asamve za pakhomo.

Mu Januwale momwemo, nyengo yodzala mitengo, kusukulu kunabwera mlangizi wa zankhalango ndi mbande pa njinga yamoto. Anali bambo wachikulire, wowonda, woyankhula pang'onopang'ono. Popeza za ulimi zinali zanga, ndine ndinayenda nawo posankha malo okumba maenje. Titafika kumalire anaima n'kuyang'ana mfula wa kutsidya, n'kudabwa kuti mwezi ngati uno pansi pake palibe chipatso. Ndinayamba kuwalongosolera za umbuli wa anthu, mokometsera ndithu. Iwo sankandimvera. Maso awo anali pa chitsa chakuda chija. Anawerama, anakanda khungwa lotsala ndi chikhadabo, n'kufunsa ngati mtengo umenewu unkabala. Ndinati ayi, unkangochita maluwa ndi kuitana njuchi.

"Ndiye umenewu unali wamwamuna," iwo anatero. "Mfula umakhala waukazi ndi wamwamuna. Wamwamuna subala, ntchito yake ndi maluwa. Njuchi zimatenga ufa wa maluwawo kupita nawo kwa waukazi. Ngati kuno kunalibe wina, amene anadula apa ndi amene anatseka mtengo uwo."

Ine, ine ndemwe, amene chaka chilichonse ndinkajambula duwa pa bolodi, ndi kanjuchi pambali, n'kumakwapula tebulo ndi rula kuti ana aloweze! Chaka chathunthu ndinkatukwana mbuli, mbuliyo ndili ine. Ndinaona nkhope ya mng'ono wanga ataima pa chitsa chomwechi ndi ndowa m'manja, ndinamva mawu anga omwe aja oti unkandidyetsa chiyani.

Mlangizi uja anandifunsa kuti anadula ndani. Ndinati anyamata a njerwa. Sindinaname kwenikweni, koma ndinanama. Iwo anapukusa mutu, n'kunena kuti kudzala nthangala n'kutaya nthawi, pamatenga zaka zambiri ndipo sudziwa ngati utuluke wamwamuna kapena waukazi mpaka utachita maluwa. Mizati ya bafa langa inali itaphuka masamba kalekale, ine n'kumangokondwa kuti ndapeza mthunzi posamba. Ndikanawatengera kumeneko akanandiuza kanthu. Koma kuwaonetsa mizati kunali kuvomera kuti nthambi za mtengowo zinathera kwa ine, ndiye ndinawalondolera ku maenje.

Madzulo a tsiku lomwelo ndinavala chitenje kuti ndiwoloke kanjira ndikanene. Ndinafika pakati, n'kuona mayi a usipa ali ndi alendo, n'kubwerera. Mawa lake ndinati ndidikire Loweruka. Loweruka ndinati ndiyambe ndapeza mawu abwino. Chimene ndinkaopa ndikuchidziwa: pa mjigo paja, pamene ndinkayenda mapewa ali m'mwamba, akanati amadamu ophunzira aja ndiwo anatilanda nsinjiro. Sabata zitatu zinatha ndikukonza mawu. Mng'ono wanga ndikamuona akubwera ndinkalowa m'nyumba ngati ndaiwala kanthu.

Lolemba lina m'mawa mu Febuluwale, ndikupita kukafoletsa ana, choko ndi kaundula zili m'manja, ndinaona njinga ya kabaza itaima pabwalo la kutsidya. Wakabaza ankamangirira chikwama cha mizeremizere ndi mapoto awiri. Mng'ono wanga anali atavala diresi lake la kutchalitchi. Apongozi ake anali pa mphasa akusankha usipa, ndipo mwamuna wake sankaoneka. Ankhoswe anali atakamba dzulo lake ine osadziwa. Ndinataya kaundula pamchenga n'kuthamanga, n'kuwapeza atafika kale pokhotera. Ndinagwira chishalo cha njingayo, befu ali m'mwamba, n'kuyamba kulongosola mosalongosoka za maluwa, za njuchi, za mlangizi wa zankhalango, kuti si iye, ndi ine.

Mng'ono wanga anandisiya ndimalize. Kenako anati, motsitsa monga mwa nthawi zonse:

"Ndimadziwa, amadamu. Bambo anga sankalola munthu kudula wamwamuna."

Ndinamufunsa kuti nanga bwanji sananene zaka zonsezi.

"Ndinawauza apongozi chaka chatha. Anati ndisanamizire aphunzitsi, anthu ophunzira sangadule mtengo wofunika. Ndiye ndimadikira kuti mwina munena ndinu."

Wakabaza anafunsa ngati angapite, dzuwa lisanakwere. Ndinasiya chishalo. Mtsikana uja sanalire, sananditukwane, anangoti mutsale bwino, n'kukonza chitenje pamiyendo. Ndinawayang'ana mpaka analowa m'minda ya chinangwa. Ana anali atafola kale akundidikira, ndipo mpaka lero sindikumbuka chimene ndinaphunzitsa tsiku limenelo.

Poweruka ndinawoloka kanjira kaja kamene kanandikanika sabata zitatu. Ndinagwada pafupi ndi mphasa ya mayi a usipa n'kunena zonse, osabisa, kuti ndinaitana odula ndine, kuti mtengo wawo unasowa mnzake, kuti mtsikana uja wapita wosalakwa. Iwo manja sanaime, ankangopatula usipa wosweka ndi wathunthu. Nditamaliza anandiyang'ana mwachifundo, zimene zinandipweteka koposa kutukwanidwa. Anati ndili ndi mtima wabwino, akudziwa kuti ndinkamukonda mtsikanayo, koma ndisadzisenzetse mlandu wa eni. Anandikumbutsa kuti chaka chimene ndinadula mtengo wanga, wawo unabala mpaka kuthyoka nthambi, ndipo unaleka atangoukwera uja. Ndinayesa kufotokoza kuti njuchi zinali zitagwira kale ntchito. Anati zimenezo ndikauze ana m'kalasi, n'kundininkha usipa wodzaza manja kuti ndikathire tomato.

Ndinakanena pa mjigo, ndinakanena ku msonkhano wa makolo, ndinanena ndi kutchalitchi titatuluka. Ena ankagwedeza mutu mwaulemu, ena ankati mwina n'zoona, koma poti munthu wapita kale, tizitani? Ndinatsala ndi chiyembekezo chimodzi, choipa ndithu koma ndinali nacho: mtengo uja ukhalebe wosabala. Chaka chimodzi, ziwiri, zitatu mtsikanayo kulibe, pansi pali mbee, anthu akanaona okha kuti sanali iye.

Mu Okutobala ndinachokapo masiku asanu kupita ku maphunziro a aphunzitsi ku boma. Nditabwera, m'mawa mwake ndinatenga ndowa kupita ku bafa. Ndisanafike ndinamva kulira kuja, kwa chigayo chakutali. Ndinakweza maso. Mizati itatu mwa isanu ndi itatu ija, imene tsopano inali ndi nthambi zopitirira denga la nyumba, inali italendewera timaluwa tofiirira, ndipo njuchi zinali yakaliyakali. Ndinaona ndi maso angawa zina zikunyamuka n'kulunjika kutsidya kwa kanjira. Ndowa inandipulumuka, madzi onse pamapazi. Sindinkadziwa kuti nthambi ya mfula ukaizika imamera mizu n'kukhala mtengo womwe uja. Wamwamuna amene ndinamupha anali atadzuka mumpanda wa bafa langa, mwezi wachisanu ndi chitatu mtsikana uja atachoka.

Ndinalowa m'nyumba n'kutenga chikwanje. Inde, ndinatenga. Ndinaima pansi pa mizatiyo ndikudziwa bwinobwino kuti ndikasadza nthambi zimenezi mtengo wa kutsidya ukhalabe wouma ndipo dzina la mng'ono wanga liyera. Koma maluwa ambiri anali atayoyoka kale pansi, kusonyeza kuti njuchi zakhala zikuyenda masiku onse amene kunalibe ine. Ndiponso dzanja linakana. Ndinali nditadula kamodzi chifukwa cha mkwiyo, ndipo makomo asanu anadya ndiwo zopanda nsinjiro zaka ziwiri. Ndinabweza chikwanje kuseri kwa chitseko.

Ndinaganiza nzeru ina, yoti ndinene zisanachitike. Ndinapita kukaitana mayi a usipa ndi amayi ena atatu, n'kuwalowetsa mpaka ku bafa kwanga, chinthu chimene sindinachitepo ndi mlendo aliyense. Ndinawaonetsa maluwa, ndinawaonetsa njuchi ndi kumene zinkalowera, n'kunena kuti aone bwino, chaka chino mtengo wawo ubala, ndipo ubala chifukwa cha izi. Mayi a usipa anayang'ana m'mwamba, dzanja lili pachipumi, n'kumwetulira.

"Zoti ubala chaka chino inenso ndikudziwa, amadamu," anatero. "Si uja anachoka?"

Amayi atatu aja anaseka, osati mwachipongwe, koma ngati mmene timasekera munthu amene wavutika kunyamula chinthu chimene chinali pafupi. Anandiyamikira kuti bafa langa ndi laukhondo, n'kumapita.

Unabaladi. Mu Januwale zipatso zinayamba kugwa usana ndi usiku, mbuzi zinabwerera, fungo lija linandipezanso m'kalasi. Anthu ochokera m'midzi ina ankaima panjira n'kumalozerana kuti mtengo uja ndi uwu, uja anaumitsa mtengwa wa ku Chinguluwe, taonani wamasuka. Nkhani imene kale inali yokayikitsa tsopano inali ndi umboni wogwa pamchenga, woti aliyense atole adye. Ndinamva kuti inafika mpaka kwawo, ndipo kuti bambo wina amene anafuna kumufunsira anabwerera atauzidwa za mfula. Ndinamulembera kalata kawiri kudzera kwa mphunzitsi mnzanga wa kumeneko. Sanayankhe, ndipo sindimudandaula.

Loweruka lina m'mawa ndikuchapa pakhonde, ndinaona anthu awiri akuwoloka kanjira. Patsogolo panali mtsikana wina wamng'ono, mkazi watsopano wa msodzi uja, atasenza beseni lalikulu. Pambuyo pake mayi a usipa, atavala mpango watsopano. Mtsikanayo anagwada n'kutula besenilo pamapazi anga. Linali lodzaza ndi zipatso za mfula, zachikasu, zosankhidwa bwino, popanda ndi chimodzi chomwe cholumidwa ndi mbuzi. Mayi aja anati zoyamba kupsa bwino aganiza zopatsa ine, chifukwa pa anthu onse a pano ndine ndinkadandaula kwambiri za mtengowu.

Ndinathokoza. Ndi manja awiri ndithu, ndinathokoza, poti ndikanatani? Atapita ndinakhala pansi n'kumaliyang'ana besenilo, sopo akuuma m'manja. Kumbali kwa nyumba mizati ija inali itavala masamba obiriwira, ikugwedezeka ndi kamphepo kochokera kunyanja. Ndinatenga chipatso chimodzi, ndinaluma khungu n'kulisenda lituluke ngati kapu, mmene anandiphunzitsira mng'ono wanga uja, koma kuchiponya m'kamwa kunandikanika. Beseni linakhala pakhonde masiku anayi mpaka zipatso zinayamba kuwira ndi kuitana ntchentche. Tsiku lachisanu mkazi watsopano uja anabwera kudzalitenga, ndipo anandifunsa mwaulemu ngati nthangala ndasunga, kuti akandiswere.